Kudya pa mamak ku Malaysia: malangizo kwa Mmalawi amene wangofika kumene

Mnyamata wina wa kwathu ku Ntcheu atabwera kuno kudzaphunzira, anatha masabata atatu akudya buledi ndi tiyi m'chipinda chake ku Cyberjaya. Mayi ake ndi amene anandiimbira kuti ndikamuone, ati mawu ake pa foni sankawasangalatsa. Ndinakamupeza masaya atalowa, lamba ataboola bowo lina. Sikuti analibe ndalama ayi. Kunsi kwa nyumba yomwe ankagonamo kunali malo odyera oyaka magetsi usiku wonse, matebulo atafika mpaka m'mphepete mwa msewu, anthu ali pikitipikiti. Nditamufunsa chomwe chinkamuletsa kutsika kukadya, anati, "Achimwene, sindikudziwa poyambira. Zomwe alemba pakhomapo palibe n'chimodzi chomwe ndikuchidziwa. Ndikuopa kuitanitsa chinthu choti ndilephere kudya, kapena choti ndilephere kulipira." Usiku womwewo tinatsika limodzi. Zimene ndinamuuza patebulo paja ndi zimene ndikulemba pano, kuti inu amene mwangofika ku Kuala Lumpur, Selangor, Penang kapena Johor musagone ndi njala chakudya chili pakhomo penipeni.

Malo amenewa amatchedwa mamak. Eni ake ndi Asilamu a mtundu wa Chitamil, omwe makolo awo anachokera kummwera kwa India, ena kalekale pa nkhani za malonda, ambiri pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi. Dzinali linachokera ku liwu la Chitamil lotanthauza malume, choncho mnzanu akati tiyeni ku mamak zili ngati akuti tiyeni kwa amalume. Koma muzitchulira malowo, osati munthu, chifukwa alipo amene sakondwa kuitanidwa choncho. Ntchitoyi anaiyamba kale: lesitilanti ya Hameediyah ku George Town inatsegulidwa mu 1907 ndipo ikuphikabe mpaka lero. Malo ambiri otere satseka, usana ndi usiku, chakudya chake ndi cha halal, mowa kulibe. Kuti mumvetse, tengani tiyirumu, chiimilire ndi malo oonetsa mpira, muziphatikize pamodzi. Kusiyana kwake n'koti kuno mkulu wa kampani amene waimika galimoto lodula panja amakhala moyandikana ndi mlonda amene wangoweruka kumene, onse akudya zofanana. Amalay, Matchaina ndi Amwenye, omwe pa zinthu zina aliyense amayenda yake njira, pa mamak amakumana.

Mukafika musaime pakhomo kudikira wokulandirani. Lowani, pezani tebulo lopanda anthu, khalani pansi. Posakhalitsa pabwera woperekera zakudya, ndipo funso lake loyamba kawirikawiri limakhala liwu limodzi lokha, "Minum?", ndiye kuti mumwa chiyani. Chakumwa chimatsogola, chakudya chimatsatira. Akachedwa, kwezani dzanja n'kunena kuti "Boss!" Liwu limeneli kuno amaitanirana onse, wogula ndi wogulitsa yemwe. Osaimba mluzu, osawomba m'manja. Mitengo imakhala pakhoma, ndipo malo ambiri sabweretsa pepala la zakudya patebulo mpaka mutapempha. Chingerezi amachimva ndithu, koma mawu khumi a Chimalay adzakuthandizani kuposa chiganizo chachitali cha kusukulu. Mwayi wathu ndi woti Chimalay chimawerengedwa pafupifupi monga chalembedwera, ngati Chichewa. Chongokumbukira n'choti c amamutchula ngati ch wathu, choncho canai ndi chanai, campur ndi champur. Satu ndi chimodzi, dua ziwiri, tiga zitatu. Terima kasih ndi zikomo.

Tsiku loyamba itanitsani roti canai, ndipo ngati mpata ulipo khalani pafupi ndi chiwaya muone mmene amaipangira. Wophikayo amatenga kampira ka ufa watirigu wokandakanda, komwe kakhala kakufewa m'mafuta kwa maola angapo, n'kukapsinja ndi chikhatho pa tebulo lachitsulo. Kenako amakanyamula ndi manja awiri, kukazunguza m'malere, phwa! patebulo, kukazunguzanso, phwa!, mpaka kampira kaja katatambasuka ngati mpango, kopyapyala moti zala zake zimaonekera kuseri. Akatero amapinda m'mbali zonse zinayi, mpweya n'kutsekeredwa m'kati, n'kuponya pa chiwaya chamoto. Ikapsa uku ndi uku amaichotsa n'kuiwomba pakati pa zikhatho kawiri kapena katatu kuti imasuke timagawo. Imakupezani pa mbale yachitsulo ya zigawozigawo, kunja itauma bwino, m'kati ili yofewa, pambali pali misuzi iwiri kapena itatu. Wachikasuwo ndi dhal, ndipo mukangoulawa mudzauzindikira: ndi chipere chamadzimadzi, chophikidwa ndi nandolo wosenda kapena nyemba zina zing'onozing'ono zamtundu womwewo. Suwawa kwenikweni. Wofiirawo ndi kari wa nsomba kapena wa nkhuku, ndipo umenewo uli ndi tsabola. Nyemani ndi dzanja, sunsani, idyani. Palibenso luso lina lofunika, dzanja lozolowera nsima limadziwa kale chochita.

Roti yopanda kanthu m'kati ndi roti kosong. Ya dzira ndi roti telur, ya anyezi roti bawang, ya nthochi roti pisang, ya nsomba za m'chitini roti sardin. Murtabak ndi yonenepa, yodzaza nyama yogayagaya, dzira ndi anyezi, ndipo imodzi yokha imakwana chakudya chamadzulo. Kumene ndimadya ine, roti kosong imodzi sipitirira maringgit awiri (ringgit ndi ndalama ya kuno), ndipo roti ziwiri ndi kapu ya tiyi zimandifikitsa masana ndisanawononge maringgit 7. Chakudya chimenechi eni dziko amachinyadira kwambiri. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linaika mwambo wa kadzutsa wa ku Malaysia pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo zomwe zinatchulidwa kwambiri ndi roti canai, nasi lemak ndi teh tarik, zomwezi zimene mukugula ndi tindalama tochepa.

Pa zakumwa ndikhalapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambiri timadzipweteka osadziwa. Teh tarik ndi tiyi wamphamvu wothira mkaka wotsekemera wa m'chitini. Tarik ndi kukoka: wopangayo amatsanula tiyi kuchoka m'kapu imodzi kupita m'inzake, manja akutalikirana mpaka tiyiyo ataoneka ngati chingwe, kubwereza kangapo kufikira atachita thovu ndi kuzizirako. Ndi wokoma, ndipo n'chifukwa chake ndi woopsa. Kuno ukangoti teh (tiyi) kapena kopi (khofi), osawonjezera liwu lina, umalandira chakumwa cha mkaka wotsekemera uja. Mukafuna tiyi wopanda mkaka nenani teh O, koma dziwani kuti shuga athiramo. Wopanda mkaka ndi shuga yemwe ndi teh O kosong. Mawu awiri amene ndikufuna muwaloweze lero lomwe ndi kurang manis, kutanthauza kuti achepetse kutsekemera, ndipo ngakhale mutatero mudzapeza kuti akadali wotsekemera kuposa tiyi wa kunyumba. Kafukufuku wa zaumoyo amene boma la Malaysia linachita mu 2019 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi matenda a shuga. Ife tikabwera kuno timasiya kuyenda pansi chifukwa cha kutentha, timakhala pa kompyuta tsiku lonse, kenako makapu atatu a teh tarik ndi Milo wozizira usiku. Ndaona anzathu akubwerera kumudzi ndi digiri pamodzi ndi mapiritsi. Imwani imodzi pa tsiku, ena onsewo akhale madzi. Madzi ofunda ndi air suam, amalipiritsa masen ochepa chabe. Ais ndi chozizira cha madzi oundana, panas ndi chotentha. Kukatentha kwambiri, teh O ais limau, tiyi wozizira wa ndimu, amathetsa ludzu bwino. Mukati bungkus ndiye kuti mukukadyera kunyumba, ndipo musadabwe tiyi wanu akamuthira m'kajumbo n'kumanga ndi kachingwe.

M'mawa patebulo mudzapeza timitolo tosongoka tokulungidwa m'tsamba la nthochi ndi pepala. Imeneyo ndi nasi lemak. Mnyamata uja atamasula kamtolo kake anayang'ana kanthawi, kenako anati, "Achimwene, uyu si bonya uyu?" Sanalakwitse kwenikweni. Ndi tinsomba touma ta m'nyanja yamchere totchedwa ikan bilis, tokazinga mpaka kuuma gwa, ndipo pambali pake pali mtedza wokazinga, chibenthu cha dzira lowiritsa, nkhaka, ndi sambal, zonsezi zitazungulira mpunga wophikidwa mu mkaka wa kokonati ndi tsamba lonunkhira la pandan. Bonya, mtedza, nkhaka, dzira: palibe chachilendo apa kwa mwana wa ku Malawi kupatula fungo la mpungawo. Ndinaona nkhope yake ikumasuka nthawi yomweyo. Kamtolo kamodzi sikakhutitsa munthu wozolowera mitanda itatu, tengani tiwiri, kapena itanitsani ya pambale yokhala ndi ayam goreng, nkhuku yokazinga. Kumbukirani kokha kuti chilichonse chomwe mwachipeza patebulo, kaya ndi timitoloti, nthochi kapena tizakudya ta m'mapaketi, si chaulere. Mukadya amawerenga masamba otsalawo.

Sambal ndi tsabola wosinja wophikidwa ndi anyezi, shuga ndi zina. Amayamba ndi kutsekemera, moto umabwera pambuyo. Amene munakulira kambuzi ndi Nali simudzavutika, koma ena yambani ndi kunsonga ya supuni. Kurang pedas ndi kuti achepetse tsabola, tak mau pedas ndi kuti asathire n'komwe. Chenjezo lalikulu lili kwa amene thupi lanu limadana ndi mtedza kapena zamoyo za m'nyanja. Sambal wambiri amathiramo belacan, phala louma lopangidwa ndi tinkhanu ta m'nyanja tovunditsa, ndipo saoneka ndi maso. Msuzi wa satay, nyama yowotcha pa timitengo, ndi wa mtedza, chimodzimodzinso wa rojak, chakudya cha zinthu zoduladula zosakaniza. Abale a mpingo wa Seventh Day Adventist, belacan yemweyo akukhudzani, ndipo amapezekanso m'masamba okazinga ndi mu mpunga wokazinga wina. Funsani musanaitanitse: "Ada belacan?", "Ada udang?", "Ada kacang?", ndiye kuti kodi muli belacan, muli tinkhanu ta m'nyanja tija, muli mtedza?

Njala yeniyeni ya masana imathera pa nasi kandar. Dzinali linachokera ku Penang, kumene ogulitsa akale ankanyamula mpunga ndi ndiwo m'miphika iwiri yolendewera pa mtengo wopingasa paphewa, ndipo mtengowo ndiwo kandar. Lero miphikayo inasanduka mathireyi achitsulo ondandalikidwa kuseri kwa galasi. Apa simukhala pansi kudikira. Mumaima pa mzere, wogawayo amakuikirani mpunga pambale, inu n'kumaloza. Mpunga woyera ndi nasi putih ndipo ndi wotsika mtengo kuposa biryani. Lozani nthuli imodzi ya nkhuku, therere lobala lomwe kuno amati bendi ndipo amaliphika lathunthu, ndi kabichi wachikasu. Kenako pamabwera chimene chimapangitsa nasi kandar kukhala nasi kandar. Wogawayo amafunsa kuti "Kuah campur?", mukavomera amatunga pang'ono msuzi wa nsomba, pang'ono wa nkhuku, pang'ono wakuda wa ng'ombe, pang'ono dhal, dzanja likuthamanga kuchoka thireyi ina kupita ina, zonse n'kutsanulira pa mpunga womwewo. Mukafuna kuti mpunga umire nenani banjir, liwu lotanthauza kusefukira kwa madzi. Mukafuna wochepa nenani sikit. Msuziwo salipiritsa, ndipo ndi umene umachititsa kuti nthuli imodzi ikwanire mulu wonse wa mpunga. Mbale yotere kwa ine imakhala pakati pa maringgit 10 ndi 14.

Koma safunsa anadya phula. Pa nasi kandar mtengo sudziwika mpaka mbale itadzaza, chifukwa amawerenga chilichonse chomwe mwaloza, ndipo za m'nyanja amaziona kukula kwake. Mwezi wanga woyamba, pa malo ena omwe sindiwatchula, ndinaloza sotong, kanyama ka m'nyanja kamiyendo yambiri kaja, ndi udang ziwiri zikuluzikulu. Lisiti inapitirira maringgit 40, ndalama imene ndinaikonzera masiku atatu. Palibe amene anandiuza mtengo, ndipo inenso sindinafunse. Kuyambira pamenepo ndisanaloze sotong, udang, nkhanu, mutu wa nsomba kapena nyama ya mbuzi ndimayamba ndafunsa kuti "Berapa?", zingati. Eni dziko nawonso amafunsa, palibe chochititsa manyazi. Lisiti ikakudabwitsani pemphani modekha kuti akuwerengereni chimodzichimodzi. Nthawi zambiri amakhala kuti sanalakwitse, koma akalakwitsa amakonza popanda phokoso.

Usiku anthu ambiri amadya zokazinga pa chiwaya: mee goreng ndi Maggi goreng, zomwe ndi zaufa zonga zingwe (noodles), ndi nasi goreng, mpunga wokazinga. Zimakhutitsa, n'zotsika mtengo, koma mafuta ake ndi ambiri ndipo masamba mulibe. Zisakhale za tsiku lililonse. Tosai, chikondamoyo chopyapyala chowawasa pang'ono cha ufa wa mpunga ndi nyemba, ndi chopepuka m'mimba ngati mukudya mochedwa.

Tsopano nkhani ya ndiwo zakwathu, imene ndikanakonda wina akanandiuza msanga. Zilipo, anangozisintha mayina. Kuti muzipeze chokani pa mamak masana, mupite pa warung, malo odyera aang'ono a Amalay, yogulitsa nasi campur, pamene mumadzigawira nokha ndiwo pa mathireyi makumi awiri kapena atatu, mayi wa pakauntala n'kuyang'ana mbale yanu ndi kutchula mtengo. Pucuk ubi ndi chigwada, amachiphika mu mkaka wa kokonati mmalo mwa nsinjiro, ndipo tsiku loyamba kuchilawa ndinakhala chete kanthawi, maganizo ali kwa agogo. Bayam ndi bonongwe. Kangkung ndi mbale wake wa kholowa, amamera m'madzi. Terung ndi mabilinganya. Ikan keli ndi mlamba, wokazinga wathunthu ndi tsabola pamwamba. Talapia ndi wa banja limodzi ndi chambo, ngakhale ndinene zoona kuti wa m'madamu a kuno safika pa chambo cha ku Mangochi. Chakumadzulo m'mphepete mwa msewu mudzaona amayi akukazinga nthochi, mbatata yomwe amati keledek, ndi timipira tabulauni totchedwa cekodok pisang. Timeneto ndi zitumbuwa, kungoti ufa wake ndi watirigu. Pa nasi campur fikani nthawi ya 12 koloko kapena 1 koloko, ndiwo zikadali zotentha. Chakudya cha kokonati chikakhalitsa pa kutentha kwa kuno chimasasa msanga, ndipo chomwe chatsala mpaka 4 koloko chingakutsegulitseni m'mimba. Sankhani malo amene pali mzere wa anthu, ndipo yang'anani chikwangwani cha ukhondo chomwe khonsolo imamata pakhoma, A ndiye wapamwamba.

Nsima pa mamak palibe, ndipo musataye nthawi kuifunsa. Mukafuna kuphika nokha, samalani ndi paketi yolembedwa tepung jagung. Mawuwo akutanthauzadi ufa wa chimanga, koma m'katimo muli sitachi woyera wolimbitsira msuzi, ndipo mukamuphika amasanduka ulimbo. Ufa weniweni umapezeka m'timashopu ta anthu a ku Africa ndi m'masitolo ena akuluakulu, pa mtengo wokwera. Ambiri a ife timaphika ndi suji, ufa wa tirigu wamiseremisere wopezeka m'shopu iliyonse ya Amwenye. Si mgaiwa, koma Lamlungu ukapeza mlamba ndi chigwada pa warung n'kubwera nazo kunyumba, mtima umakhala pansi.

Kudya ndi dzanja kuno ndi mwambo, simudzaoneka wachilendo. Gwiritsani lamanja, polandira chenji ndi popereka ndalama pomwe. Pa mamak sinki yosambira m'manja imakhala chakumbuyo kapena pambali. Pa warung ya Amalay mudzapeza kaketulo patebulo katakhala pa kabeseni kake. Madzi amenewo ndi osamba m'manja, si akumwa: mumatsanulira pa zala, madziwo n'kugwera m'kabesenimo, monga timachitira ndi jagi kwathu. Amene safuna dzanja amapatsidwa supuni ndi foloko, mpeni palibe. Supuni kumanja ndi imene imapita kukamwa, foloko imangokankhira. Mukapita ku Brickfields, pafupi ndi siteshoni ya KL Sentral, kukadya mpunga wa pa tsamba la nthochi kwa Amwenye, mukamaliza pindirani tsambalo kwa inu, ndicho chizindikiro choti mwakhuta ndipo mwathokoza.

Abale achisilamu, pa mamak ndi pa warung ya Amalay idyani mtima uli m'malo. Kusamala kumafunika pa kopitiam, omwe ndi matiyirumu a Matchaina, ndi pa malo awo ogulitsa mpunga ndi ndiwo zodzisankhira. Kumeneko nkhumba, yomwe amati babi, ndi yofala, ndipo char kway teow, zonga zingwe zophwatalala za ufa wa mpunga, yambiri amaikazinga ndi mafuta ake ngakhale nyamayo isaoneke. Bak kut teh ndi msuzi wa nthiti za nkhumba. Chizindikiro chodalirika cha halal ndi cha JAKIM, nthambi ya boma yoona za Chisilamu. Chikwangwani chongonena kuti sagulitsa nkhumba si chimodzimodzi ndi chiphaso chimenecho. Amene mumadya nkhumba, musalowe nayo pa mamak kapena pa warung ngakhale ili m'jumbo, ndiponso mowa. Ayam ndi nkhuku, ikan nsomba, kambing mbuzi kapena nkhosa, ndipo daging akangoitchula yokha amatanthauza ng'ombe. Mwezi wa Ramadan ma warung ambiri a Amalay amatseka masana. Amene si Msilamu amaloledwa kudya, koma Msilamu wopezeka akudya poyera nthawi yosala akhoza kuimbidwa mlandu m'makhoti achisilamu. Chakumadzulo kwa mwezi umenewu kumakhala misika ya zakudya yotchedwa bazar Ramadan, pitani mukaone. Lachisanu masana malo ena amatseka kaye kuti antchito akapemphere.

Mukamaliza kudya nenani kuti "Boss, kira." Abwera, ayang'ana mbale ndi makapu, alemba kapepala, inu n'kukalipira pa kauntala potuluka. Malo ambiri amalandira ndalama za pa foni kudzera pa DuitNow QR kapena Touch 'n Go eWallet, koma muziyenda ndi maringgit ochepa a m'manja chifukwa cha timalo ting'onoting'ono. Ndalama yothokozera woperekera siyembekezeka. Malo akuluakulu amawonjezera msonkho wa 6 peresenti, ndipo m'malesitilanti a m'mamolo amaikanso 10 peresenti ya ntchito, choncho mukaona zizindikiro ziwiri zophatikiza (++) pambali pa mtengo dziwani kuti mulipira zoposa zalembedwazo. Kwathu woitana mnzake ndi amene amalipira. Kuno pakati pa ophunzira aliyense amalipira zake, pokhapokha wina atanena kuti "Saya belanja", ndikugulirani. Wina akakuchitirani zimenezi, ulendo wotsatira ndi wanu. Osuta, kuyambira mu Januwale 2019 n'koletsedwa kusuta pa malo onse odyera, ngakhale pa matebulo a panja. Muyenera kutalikira mamita atatu, ndipo chindapusa chingafike maringgit 5,000 nkhani ikapita kukhoti. Mudzaona ena akusuta ndithu, koma inu ndinu mlendo ndipo chitupa chanu chokhalira m'dziko n'chosachedwa kuwonongeka.

Msewu wa Jalan Alor ku Bukit Bintang pitaniko kamodzi mukaone magetsi ndi chipwirikiti, koma mitengo yake ndi ya alendo odzaona malo. Nasi lemak yabwino ili ku Kampung Baru, ndipo msika wa usiku wa m'dera lanu, pasar malam, umene umabwera kamodzi pa sabata, ndi kumene mungagule zipatso ndi chakudya chamadzulo motchipa.

Usiku wa mpira mamak imasanduka bwalo. Malaysia ili patsogolo pa Malawi ndi maola 6, choncho masewero a ligi ya ku England a Loweruka masana amayamba 10 kapena 11 koloko usiku, pamene a Champions League amayamba 3 kapena 4 koloko m'bandakucha, ndipo anthu amakhalapo ndithu. Polowa salipiritsa, koma musakhale maola awiri ndi kapu imodzi ya madzi, itanitsani kenakake. Anzanga ambiri a kuno ndinawapezera pamenepa, pokangana za penate. Mukamatuluka usiku muzitenga pasipoti kapena khadi lanu lovomerezeka la wophunzira kapena wantchito, chifukwa apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka amafunsa, ndipo munthu wakuda amafunsidwa kawirikawiri kuposa ena. Foni ndi kachikwama musaziike m'mphepete mwa tebulo loyang'ana kumsewu, alipo akuba a pa njinga zamoto otsomphola.

Sindikubisirani, masiku oyamba adzakuyang'anani. Ena adzakufunsani ngati ndinu a ku Nigeria, ndipo mukati Malawi adzaganiza kuti mwati Mali. Alipo eni nyumba amene amakana kubwereketsa anthu a ku Africa, ndipo zimenezi zimapweteka. Koma pa mamak ndi pamene ine ndinayambira kuonedwa ngati munthu wamba. Yang'anitsitsani anyamata amene akukuperekerani chakudya. Ambiri si a kuno. Anachokera ku Tamil Nadu, ena ku Bangladesh kapena Nepal, amaima maola ambirimbiri, amagona mothithikana, ndipo mwezi ukatha amatumiza ndalama kumudzi monga momwe inu mumachitira. Nthawi ya 3 koloko usiku mudzamuona wina atatsamira khoma kuseri kwa firiji, akulankhula ndi mwana wake pa vidiyo, kenako wina n'kukuwa kuti "Boss!", iye n'kubisa foni m'thumba. Apatseni ulemu. Akalakwitsa oda musakalipe, nenani bwinobwino. Funsani dzina la amene amakutumikirani kawirikawiri, inunso mumuuze lanu.

Amene muli ku Britain, zakudya zomwezi zikupezekanso. Ku London kuli Roti King pa Doric Way, pafupi ndi siteshoni ya Euston, kachipinda kapansi komwe anthu amafola panja kudikira malo. Mitengo ndi ya mapaundi, koma poyerekeza ndi malo ena a mumzindawo ndi yofikirika, ndipo mayina a zakudya ndi omwewa. Fikani nthawi yotsegulira kuti musaime nthawi yaitali pa mphepo.

Kwa inu amene muli kuno, sankhani mamak imodzi yapafupi ndi kumene mukukhala, muzipitako nthawi yofanana, ndipo ngati n'kotheka tebulo lomwelo. Mnyamata wa ku Ntcheu uja anachita zimenezi. Patatha miyezi iwiri ndinapitanso kukamuona, tinatsika, tisanakhale n'komwe woperekera wina anamukodola ndi mutu n'kufunsa kuti "Biasa?", zanthawi zonse. Iye anavomera, nawonjezera kuti, "Dua. Abang saya datang." Ziwiri, achimwene anga abwera. Panafika roti telur ziwiri, dhal wambiri, ndi teh tarik kurang manis makapu awiri.